Tsiku Lomwe Ndinalosera za Agalu ndi Abakha m'Tchalitchi

Mukadzabwera ku tchalitchi kwathu ku Peckham n'kumva wina akuti, "Aneneri, tanyamulani mipandoyo," musadzavutike kufunafuna mkulu wa ndevu ndi ndodo. Amanena ine. Mipandoyo ndimanyamula maso ali pansi, chifukwa dzinali ndinalipeza m'njira yoti ndikaikumbukira ndimachitabe manyazi mpaka lero.

Kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo sukulu yanga yonse ndinaphunzira kumudzi. Kuno ku London ananditenga ndi azakhali anga, Anaphiri, omwe ndi namwino wa zaka zambiri. Ndimakhala nawo ku Lewisham, ndipo ntchito ndimagwira ku nyumba yosamalira okalamba ku Romford. Tsiku loyamba, akundikonza kolala pakhomo, anandiuza chinthu chimodzi: "Usandichititse manyazi." Mawu amenewo ndinawameza ngati mankhwala. Munthu akandipempha kanthu ndinkati inde asanamalize n'komwe kulankhula.

Mwa okalamba omwe ndimasamalira muli a Dennis. Iwowa anakulira ku Amereka, kumpoto kozizira, ndipo ali ku koleji ankasewera hoke ya pa ayizi. (Kwa amene simukuidziwa: anyamata amavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi, n'kumathamangitsana pa madzi ouma, aliyense atagwira ndodo, kulimbirana kanthu kakuda kangati chitsekerero cha botolo. Nditaona koyamba ndinkayesa ndi ndewu. A Dennis anati nthawi zina ndi ndewudi.)

Mwezi wa Malichi ukafika, matimu a makoleji a chigawo chawo amayamba ndime yochotsana, ndipo a Dennis amamata chipepala chachikulu pakhoma la chipinda chochezera. Aliyense, wokalamba ndi wantchito yemwe, amalembapo timu yomwe akuganiza kuti ipambana pa masewero alionse mpaka pa fainolo. Wolondola kwambiri amalandira chipewa chaubweya cha koleji yawo yakale.

"Mnyamata wanga, nawenso ulowa," anatero a Dennis akundipatsa cholembera.

"Inde, agogo."

Sindinkadziwa timu ngakhale imodzi. Chomwe ndinaona n'chakuti timu iliyonse ili ndi nyama yake. Tsono kwathu mbale ya ndiwo ikabwera mwana sayamba kupisa dzanja, amadikira akulu atenge, iye n'kutola zotsala. Ndinaima pambali mwaulemu mpaka onse atalemba. Anthu anasankha Zimbalangondo, Akambuku, Mimbulu ndi Ziwombankhanga. Ine ndinatola zomwe anazisiya: Agalu, Abakha, Agologolo, ndi timu ina yomwe chizindikiro chake ndi mtengo basi. Pa wopambana fainolo ndinalemba Agalu, poti pa zonsezo ndi galu yekha amene ndinawetapo.

Tisa, mnzanga wa pa shifiti wochokera ku Chipata, anawerenga n'kugwira m'chiuno.

"Iwe mwana, uli chabe bwino? Bakha angamenye kambuku? Na mtengo, uzathamanga bwanji?"

"Zinazo anatenga kale akuluakulu," ndinatero.

"Mayo! Sibakuuze kuti mungasankhe chimozi bonse?"

Sanandiuze. Koma kufufuta pamaso pa a Dennis ndinaona kuti n'chipongwe, ndiye ndinazisiya choncho.

Lolemba lotsatira ndinapeza a Dennis atayimitsa njinga yawo ya olumala pansi pa chipepala chija, magalasi ali m'manja. Matimu anga onse anali atapambana. Ngakhale mtengo uja. Anati chibadwire chawo sanaonepo zotero, ndipo anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Tisa anafuula khonde lonse kumva: "Uyu mwana ni mneneri!"

Bwenzi zitathera pomwepo ndikanakhala kuti sindinatsegule pakamwa kunyumba. Tikudya madzulo, azakhali anafunsa za kuntchito, ndipo ine pofuna kuwasangalatsa ndinati, "Azakhali, kuntchito akuti ndili ndi mphatso yolosera. Zonse zomwe ndinalosera sabata yatha zachitika."

Anaika supuni pansi.

"Zonse?"

"Zonse, azakhali."

Apa mpomwe ndinkayenera kutchula mawu akuti hoke. Koma anandiyang'ana ndi nkhope yomwe ndinali ndisanaionepo chibwerereni, nkhope ya munthu amene wazindikira kuti sanalakwe kukutenga kumudzi.

"Ndinkadziwa ine! Agogo ako aamuna ankalota mvula isanagwe."

"Koma azakhali, zake ndi za..."

"Usachepetse mphatso, mwanawe. Ndi tchimo limenelo."

"Inde, azakhali."

Foni inali kale pakhutu.

Pofika pakati pa sabata, mauthenga anali kugwa ngati matalala. Amayi a ku tchalitchi omwe kale ankanditcha "mwana wa Anaphiri uja" anayamba kulemba kuti "mtumiki." Wina anatumiza chithunzi cha mnyamata yemwe akufunsira mwana wake, akuti ndimuyang'anitsitse m'maso. (Ndinamuyang'ana. Anali ndi maso wamba.) Kenako anaimba abusa eni ake.

"Mwana wanga, tamva zomwe Ambuye akuchita mwa iwe. Lamulungu lino udzaime kutsogolo, utipatse mawu."

Mtima wanga unkafuula kuti ayi. Pakamwa panatuluka kuti, "Inde, abusa."

M'sitima ya ku Romford ndinkayeseza mawu oti ndikawauze azakhali, ndipo ankamveka bwino ndithu, koma ndikafika pakhomo ndinkapeza china chatsopano. Tsiku lina anali atandigulira malaya oyera a manja aatali. Tsiku lina anali atauza achibale kumudzi, mayi anga n'kutumiza mawu akulira ndi chimwemwe. Ndinayamba kupemphera kuti matimu anga agonje, mwina mphatsoyo ingathe yokha. Sanagonje. Agalu anachotsa mtengo, Abakha anachotsa Agologolo, monga momwe ndinalembera mosaganiza n'komwe.

Loweruka a Dennis anandikokera pafupi.

"Fainolo ndi lero, Agalu ndi Abakha, ife kuno tidzakhala tili m'tulo. Agalu ako apambana, koma movutikira. Ona, ifika pa nthawi yowonjezera."

Ndinagwedeza mutu. Nkhawa yanga sinali pa Agalu.

Lamulungu m'mawa azakhali anandilanda foni ndisanaitsegule. "Lero umvere kumwamba, osati izi." Anaiponya m'chikwama chawo. M'basi ndinakonza nzeru: ndikaima kutsogolo, ndinena kuti Mulungu ndi wabwino, ndithokoza abusa, ndikhala pansi. Palibe amene anganene kuti ndanama.

Tchalitchi chathu chili pamwamba pa sitolo yogulitsa nsomba zouma ndi ufa. Pamakwerero ndinakumana ndi Mai Banda. Iwowa ndi amayi amasiye, amasamalira odwala m'makomo, ali ndi ana awiri pasukulu konkuno, ndipo viza yawo inali pafupi kutha, moti nkhaniyo inali m'manja mwa loya. Mpingo wonse unakhala ukuwapempherera kuti awawonjezere. Anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri.

"Achimwene, mundionereko nanenso."

Thukuta linayambira pomwepo.

Kwaya itamaliza, abusa anandiitana. Holo inali yodzaza, ena ataima kumbuyo. Azakhali anali pa mzere woyamba atavala duku latsopano. Ndinalandira maikolofoni. Mawu onse omwe ndinakonza m'basi anatsala m'basi momwemo.

"Usaope," anatero abusa pang'onopang'ono. "Tseka maso, unene zomwe ukuona."

Ndinatseka maso. Ndipo abale anga, munthu umaona chomwe wakhala ukuyang'ana sabata yonse.

"Ndikuona agalu," ndinatero.

Kenako ndinawonjezera:

"Ndi abakha."

"Ambuye!" anatero mayi wina chapakati.

Sindinathenso kusiya. Mantha anali akulankhula okha.

"Pali kulimbana kwakukulu. Malo ake ndi ozizira, ndi oterera. Anthu akugwa, akugundidwa kukhoma, koma akudzukanso."

"Ameni! Ndi kuno kumeneko!" anafuula bambo wina. "Nena, mnyamata!"

(Mpaka apa, ndikufuna mudziwe, ndinali ndisananame ngakhale pang'ono.)

"Ndipo pamapeto pake," ndinatero, "padzakhala nthawi yowonjezera."

Holo inaphulika. Ndinali nditaiwala kuti pamaso panga panali anthu omwe theka lawo likudikira kuti awawonjezere viza, theka linalo likupempha mabwana maola owonjezera kuntchito. Nthungululu zinalira, woimba kiyibodi anagwetsa manja onse pa kiyibodi, azakhali anaimirira manja ali m'mwamba. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti ndapulumuka. Ndikanangoti ameni n'kukakhala pansi, azakhali akanayenda mutu uli m'mwamba mpaka kukalamba.

Kenako ndinaona Mai Banda. Anali atagwada pakati pa njira, misozi ili mbwee.

"Ndi yanga imeneyo! Andiwonjezera! Mawa ndikawauza a loya aja asavutikenso, zatheka kale!"

Ndinayang'ana azakhali, ndinayang'ana Mai Banda, ndinayang'ananso azakhali. Uku manyazi a munthu amene anandisunga, uku mayi amene akufuna kusiya loya chifukwa cha Agalu.

"Amayi," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye. "Amayi Banda, pepani. Ndi hoke."

Kiyibodi inasiya.

"Ndi chiyani?" anafunsa abusa.

"Hoke, abusa. Ya pa ayizi. Ya makoleji a ku Amereka. Agalu ndi timu. Abakhanso ndi timu. Kuntchito kuli mpikisano wolosera opambana, mphoto yake ndi chipewa."

"Nanga nthawi yowonjezerayo?"

"Ndi ija amapereka akafanana zigoli."

Ndiye woimba kiyibodi, yemwe anali atatulutsa foni yake, anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Abusa, pepani. Masewerowo achitika kale usiku wathawu. Apambana ndi Abakha. Awachinya zigoli zambirimbiri, nthawi yowonjezera sinafunike n'komwe."

Woyamba kuseka anali bambo uja anati "ndi kuno kumeneko." Kenako kwaya yonse. Abusa anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Mai Banda anadzuka, anasasa maondo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye loya ndisamusiye?"

"Musamusiye, amayi. Chonde."

"Chabwino. Kakhale pansi, mwanawe, usanagwe."

Azakhali sanaseke. Anakhala pansi mwapang'onopang'ono, n'kutsegula buku la nyimbo, n'kumaliyang'ana chozondoka mpaka mapemphero kutha.

M'basi yobwerera anakhala pafupi ndi zenera, chikwama pamiyendo. Ndinapepesa, sanayankhe. Ndinapepesanso, anangokonza duku. Ndinayamba kuganiza za momwe ndikalongosolere kumudzi ndikatsika ndege. Titayandikira Lewisham mpamene analankhula, maso ali panja.

"Iwe. Kulosera zinthu zoti zachitika kale, n'kulakwitsabe?"

"Inde, azakhali."

"Usanene inde!"

"Inde... pepani, azakhali."

Anatulutsa mpweya wautali. "Chikhala kuti unawasiya Mai Banda apite kwa loya ndi bodza lija, lero ukanagona panja. Manyazi awa ndiwanyamula. Koma ukayamba chiganizo uzichimaliza, wamva? Ngakhale ine nditakudula."

Anandibwezera foni. Malaya oyera aja anati ndizipita nawo ku maliro.

Chipewa ndinapambana ndithu, poti ena onse anagwa pa ndime yoyamba. Ndi chobiriwira, chili ndi kampira pamwamba, ndipo amavala ndi azakhali kukazizira, akuti ndi malipiro a manyazi. Mai Banda akadali ndi loya wawo, ndipo akandiona amafunsa kuti, "Aneneri, abakha ali bwanji?" Kumudzi nkhani yeniyeni sinafikebe bwinobwino, moti mayi anga amafunsabe za mvula.

Ndinaphunzirapo kuti munthu uzimaliza chiganizo, ndiponso kuti mawu akuti ayi sapha. Ndinatsimikiza mumtima kuti za hoke ndasiya. Sabata yotsatira ndinapeza a Dennis akumata chipepala china, chachikulu kuposa choyamba, akuti tsopano ndi cha makoleji a dziko lonse.

"Mnyamata wanga, ulowa?"

Ndinakoka mpweya, ndinakumbukira zonse, ndinawayang'ana m'maso.

"Inde, agogo."

Madzulo ndinawauza azakhali, ndipo ulendo uno chiganizo ndinachimaliza mpaka kumapeto. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, chipewa chili kumutu.

"Amaloleza osagwira ntchito kumeneko kulowa nawo?"

"Amaloleza, azakhali."

"Ukandilembere Abakha."