Mmene Ndinaondera pa Sikelo ya Lufeyo

Kwathu kuno kwa Wimbe alipo anthu ena amene mpaka lero akandiona amayamba kuseka ndisanapereke n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu. Zikanachitikira wina, inenso bwenzi ndikuseka mpaka misozi. Ndiye poti nkhaniyi aliyense amainena m'mene akufunira (ena afika poti ndinagwa mumtengo, zomwe ndi bodza lamkunkhuniza), ndaona kuti ndi bwino ndiinene ndekha.

Zinali zaka zija makuponi a feteleza atangoyamba kumene, pamene ngakhale ife ozolowera kukolola ngolo imodzi tinayamba kuluka nkhokwe yachiwiri. Chimanga chinabereka, fodya naye anayesetsa, ndipo madalitso onsewo anakathera malo amodzi: pamimba panga. Poyamba ndinkanyadira. Mimba kwathu kuno ndi ulemu, moti anthu amene kale ankangonditchula dzina anayamba kunditi bwana.

Kunyadako kunatha mu Disembala, tsiku limene akuchimuna anabwera kudzakambirana za ukwati wa mwana wanga woyamba, Tadala. Ankhoswe atamaliza zawo, anandiitana kuti ndidzalonjerane ndi alendo. Ndinafika mwaulemu wonse n'kukhala pampando wapulasitiki umene tinabwereka kutchalitchi. Mpandowo sunathyoke ayi. Unangoyamba kutambasula miyendo pang'onopang'ono, ine n'kumatsika moni ali pakamwa, mpaka ndinapezeka ndili chagada, nsapato kumwamba. Palibe anaseka, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Asewere anga anangoti, "Mipando ya masiku ano njosalimba, bambo," maso ali kumtengo wa papaya.

Alendo atapita, Tadala anabwera kudzandisasa fumbi kumsana. "Ababa," anatero akuseka, "mu Ogasiti mudzandigwira dzanja polowa m'tchalitchi. Ndikufuna mudzavale suti yomanga mabatani, osati jekete lanu lija lokhala yasa ngati chitseko cha khola."

Ankanena mwanthabwala, koma ine mawuwo anandilowa. Mwana ameneyu sanandipemphepo chinthu chachikulu chibadwire. Ndinalumbira mumtima kuti tsiku limenelo batani lidzamangidwa, zivute zitani.

Pa 1 Januwale, titangoweruka kumapemphero, ndinatsitsa kalendala imene ndinapatsidwa kusitolo ya feteleza n'kulemba malamulo anga kuseri kwake. Shuga mu tiyi ndaleka. Nsima mitanda iwiri basi (ndinali wa isanu, masiku abwino isanu ndi umodzi). Kumunda ndizipita wapansi, njinga ipume. Ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse ndizikadzipima n'kulemba nambala pakalendalapo, kuti pasakhale zodzinamiza. Ndinawawerengera mayi a kunyumba, a Nabanda, mokweza ngati chilengezo cha kutchalitchi.

"Mwatha?" anafunsa akusenda mbatata.

"Ndatha."

"Chaka chatha munati muphunzira kuimba gitala. Ili kudenga uko, mbewa zaberekeramo kawiri."

Ndinawakhululukira. Munthu akayamba zinthu zazikulu otsutsa salephera.

Vuto linali poti ndikadzipime kuti. Kuchipatala n'kutali, komanso mzere wake umadya tsiku lonse. Koma pamsika wathu panali venda wina, Lufeyo, mnyamata wamkulu ndithu wa ndevu zake, amene ankachita malonda a mbewu pansi pa mtengo wa mango. Panthambi ankapachikapo sikelo ija yokhala ndi mbedza kunsi ndi muvi wozungulira ngati wotchi. Nditamufotokozera, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bwana, sikelo iyi ndi ya matumba. Ndikukolekani pati?"

Nzeru zinabwera ndi ine ndemwe, sindinganamizire wina. Ndinatenga chiguduli chomangira belo la fodya, tinamanga ngodya zinayi pamodzi n'kukoleka pambedza. Ine ndinakwera pa thumba la chimanga, kukhala m'chigudulimo, Lufeyo n'kukoka thumba lija. Ndinatsala lendelende, mawondo ali kukhosi, ndikuzungulira pang'onopang'ono pamaso pa amayi onse amene anabwera kudzagula chimanga cha m'mbale. Paja Januwale ndi Januwale, ngakhale zaka za makuponi ena nkhokwe zinkawathera.

"Makilo 99!" anakuwa Lufeyo ngati ali ku okushoni.

Mwezi wa Febuluwale ndinazunzika, abale. Kuthyola fodya m'mawa, kumusoka, kumupachika m'chigafa, zonsezo ndi mitanda iwiri m'mimba. Tiyi wopanda shuga ankangomveka ngati madzi otsukira mphika. Ndinkalota zitumbuwa masana dzuwa likuswa mtengo. Kumapeto kwa mwezi ndinapita kwa Lufeyo ndikuyenda monyang'wa, n'kulowa m'chiguduli changa.

"101!"

Ndinamuuza kuti ayang'anenso. Anagogoda galasi ndi chala, muvi osasuntha. Ndinabwerera kunyumba mtima uli zii, n'kulemba nambalayo ndi tizilembo ting'onoting'ono pakona.

Kenako Malichi anafika, ndipo amene anakhalapo kumudzi akudziwa chimene Malichi amabwera nacho. Mondokwa. Maungu. Mtedza wauwisi wophika. Ndinalimba mtima masiku atatu, lachinayi ndinadzipeza ndili kuseri kwa chigafa ndi zitsononkho zisanu ndi ziwiri pamapazi. Kuchokera apo malamulo anayamba kugwa limodzilimodzi. Ndinagamula kuti thobwa si chakudya koma chakumwa, ndiye silikukhudzidwa. Ndinagamulanso kuti shuga wothira munthu wina, iwe usakuona, si mlandu wako (a Nabanda ankathira, ine n'kumayang'ana kudenga). Mwezi umenewo kusikelo sindinapiteko, manyazi.

Kumapeto kwa Epulo chikumbumtima chinandikoka. Pamsika panali patasintha. Amayi a timbale aja kunalibe, m'malo mwake panali mzere wa alimi ndi matumba a soya ndi mtedza panjinga, kudzagulitsa kwa Lufeyo. Ndinalowa m'chiguduli nditatsinzina, kudikira chiweruzo.

"94, bwana!"

Ndinatsala pang'ono kugwa. Makilo asanu ndi awiri apita, ine ndikudya ngati chiswe! Panjira yonse ndinkasinkhasinkha, ndipo pofika kunyumba ndinali nditapeza yankho: mondokwa amasungunula mafuta. Inde, ndinakhulupirira zimenezo ndi mtima wanga wonse, bambo wa ana asanu, mlembi wa kalabu ya alimi.

Meyi, 91. Juni, 88. Kalendala ndinaichotsa kuchipinda n'kuipachika pabalaza, manambala nditawalemba ndi cholembera chofiira. Mlendo aliyense ankayamba waionera asanapatsidwe madzi. Ndinayamba kulangiza anzanga amimba pambuyo pa mapemphero kuti asamadzizunze, chinsinsi ndi chimanga chootcha ndi mtedza. Ndinauzanso a Nabanda kuti mtedza wawo akagulitse kwa Lufeyo, chifukwa sikelo yake ine ndikuidziwa bwino, njachilungamo.

"Bambo a Tadala," anatero tsiku lina, "ngati mukuonda, bwanji lamba wanu mwaboola bowo lina kumapeto?"

"Chikopa chimafota nyengo yozizira," ndinayankha. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine ndinkangoona ngati mwambiwo ukunena mbuzi.

Fodya atagulitsidwa, ndinakwera minibasi kupita ku Kasungu Boma, ndinagula nsalu yabwino yotuwira n'kupita nayo kwa telala wina wachikulire, a Nyirenda, ochokera cha ku Simlemba, amene amasokera pakhonde la sitolo. Anandizunguliza tepi m'chiuno, n'kuyang'ana nambala, n'kuyang'ananso ine.

"Mainchi 44, adada."

"Tepi yanu yafota," ndinatero. (Zinthu zambiri zinkafota chaka chimenecho.) Ndinatulutsa kalendala, poti ndinali nditaipinda m'thumba, n'kuwaonetsa. "Onani apa. Mwezi uliwonse makilo atatu akuchoka. Pofika Ogasiti ndidzakhala nditatsikanso. Musoke 40."

"Yayi, adada. Ine nkhusoka munthu uyo nkhumuwona. Wa mu Ogasiti uyo sindinakumane naye."

Tinakangana mpaka anthu ogula m'sitolo anaima kumvetsera. Pomaliza a Nyirenda anapukusa mutu, kunyambita pensulo, n'kulemba 40 m'kabuku kawo. "Nsalu njanu," anatero.

Ukwati unali Loweruka. Lachitatu ndinapita kukatenga suti. Kuseri kwa chinsalu chotchinga, thalauza linakwera bwinobwino mpaka m'ntchafu, pamenepo linaima n'kukana. Ndinadumpha, ndinakoka mpweya, ndinapemphera. Jekete linalowa, koma batani ndi bowo lake zinkangoonana patali ngati anthu apachibale odana. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu n'kuyamba kuwakalipira a Nyirenda kuti aba nsalu yanga.

Sanakwiye. Anangoloza ndi sizasi njira ya kuchipatala. "Pitani mukakwere sikelo ya kwa adokotala, mukabwere tikambe."

Sikelo yoimapo tsiku limenelo inali kumene amapimira amayi oyembekezera. Anamwino anandimvera chisoni n'kundiuza kuti ndiime pamzere. Ndinaima, bambo mmodzi pakati pa amayi khumi ndi angapo, ndipo kunena zoona mimba yanga sinali yaing'ono pagululo. Mayi wina kumbuyo kwanga anandigwira pamkono n'kufunsa mwaulemu, "Yanuyo ndi ya miyezi ingati, bambo?" Benchi yonse inagwa nacho chiseko.

Sikelo inati 98.

Sindinabwerere kwa telala. Ndinalunjika kwathu, mpaka pansi pa mango paja. Lufeyo anali akupima soya wa munthu. Ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse. Iye anakanda ndevu, kuyang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Bwana, inuyo ndinu mlimi, zimenezi mukuyenera kuzidziwa. Januwale ndi Febuluwale ine ndimagulitsa chimanga, ndiye sikelo imakhala yokondwa, imathamanga. Kuyambira Epulo ndimagula. Pamenepo ndimaipotokola pang'ono kumbuyoku kuti izichita manyazi. Katundu akamachuluka, manyazinso amachuluka."

"Ndiye bwanji sunandiuze?"

"Pamaso pa makasitomala? Komanso munkasangalala, bwana. Ine sindinaonepo munthu akutsika pasikelo yanga akumwetulira, ndinu woyamba."

Miyezi isanu ndi iwiri ndinkalemba pakalendala ndi cholembera chofiira kuchenjera kwa venda, n'kumati ndi kuonda kwanga. A Nabanda nditawauza sanakuwe. Anangoti, "Ndiye kuti mtedza wanga uja nawonso unaonda ngati inu." Mpaka lero nkhani ya mtedzayo imatuluka tikangosemphana pang'ono.

Lachinayi ndinalawirira kwa a Nyirenda, chipewa chili m'manja. Ndisanayambe kupepesa, anatembenuza thalauza lija kunja kukhala mkati n'kundionetsa msoko. Mkatimo anali atapindiramo nsalu yambiri, pafupifupi chikhatho chonse.

"Zaka makumi atatu nkhusokera madoda," anatero. "Aliyense amati aonda pofika ukwati. Sindinamuonepo."

Thalauza analimasula, linakwana. Jekete ndiye linavuta, chifukwa nsalu yopindira inali yochepa. Anayesetsa mpaka batani linafika pabowo, koma pokhapokha nditakoka mpweya wonse n'kuusunga. Anandilangiza kuti ndingolisiya lotsegula. A Nabanda ananenanso zomwezo. Koma ine ndinali nditalonjeza mwana.

Loweruka, pakhomo la tchalitchi, ndinakoka mpweya, kumanga batani, n'kugwira dzanja la Tadala. Kwaya inayamba, amayi kululutira. Mukudziwa m'mene akwati amayendera, phazi limodzi kutsogolo, kuima, kugwedezeka pang'ono, kenako linalo. Tchalitchi chathu si chachikulu, koma tsiku limenelo chinatalika. Pofika pakati maso anayamba kuchita mdima, makutu kulira. Tadala anandifinya dzanja n'kunong'ona m'kati mwa velo.

"Ababa, pumani. Mukomoka."

"Batani," ndinatero nditaluma mano.

"Ndaliona, mwamanga. Zikomo, ababa. Tsopano pumani."

Ndinapuma. Batani linachoka ngati mwala wa pa legeni, kudutsa mabenchi awiri n'kukagunda pamphumi pa asewere anga, omwe aja a mpando. Anadzisisita, kuwerama, kulitola, n'kuliika m'thumba la malaya mwakachetechete ngati munthu watola ndalama yake yomwe. Tadala ankanjenjemera ndi chiseko mpaka velo kugwedezeka, ndipo anthu akumbuyo ankati mkwatibwi akulira chifukwa chosiyana ndi makolo. Tinafika kutsogolo jekete lili yasa, iye atandikolowekabe mkono mwamphamvu. Pomupereka m'manja mwa mwamuna wake misozi inandilengeza, ndipo za mimba ndinaziiwaliratu.

Kumadyerero asewere anandibwezera batani lija pamaso pa anthu, atagwira ndi manja awiri. "Ulusi wa masiku ano ngwosalimba, bambo," anatero. Ulendo uno tinaseka tonse, iwo mpaka kutsokomola.

Chaka chilichonse pa 1 Januwale ndimalumbirabe, sindinaleke. Kungoti ndikapita kwa a Nyirenda sinditsutsananso ndi tepi. Ndimaima chilili, manja m'mwamba, n'kukokako mimba pang'ono pokha kuti asazindikire. Iwo amawerenga nambala mokweza kuti ndisangalale, kenako amanyambita pensulo n'kulemba ina m'kabuku, ataphimba ndi dzanja.