Ngwazi ya m'munda wa apongozi

Nkhani iyi ndimaifotokoza monong'ona, chifukwa kumudzi kumene inachitikira akumusakabe munthu wake.

Ine kwathu ndi ku Katete, koma ndinakwatira ku Msanzala, m'boma la Petauke, ndipo ndinkakhala pachikamwini. Chimene mtima wanga unkafuna ndi chitengwa basi, kuti andilole kutenga mkazi wanga, amake Dalitso, tikamange kwathu. Mawu otsiriza anali m'manja mwa apongozi anga aakazi (amalume a mkazi wanga alipo, koma ntchito yawo ndi kugwedeza mutu). Tsono mkamwini sayankhulana ndi apongozi maso ndi maso. Mukakumana panjira umapatuka, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja, ndipo uthenga uliwonse umadzera mwa mkazi wako. Motero sindinkadziwa chimene ankaganiza za ine, ndipo ndinkakayika kuti chinali chabwino.

Madzulo ndinkakonda kupita pagolosale ina pomwe pali kanema wa sola. Tinkaonera mafilimu aja a anthu ouluka, obisa nkhope, amene amanyamula basi ngati mtolo wa udzu. Tsiku lina ndinafika kunyumba mtima uli m'mwamba n'kuyamba kufotokoza.

"Amake Dalitso, ngwazi yeniyeni imagwila ntchito yokha. Siuza munthu, ndipo sifuna zikomo."

"Munthu wabwino abisilanji nkhope?" anandifunsa uku akupeta. "Kuno wobisa nkhope ndi wakuba mbuzi."

"Ndiye kudzichepetsa kumeneko."

"Nanga nyumba za anthu zimene aphwanya pomenyana, amanga ndani?"

Ndinangoti akazi sadziwa za mafilimu.

Inali nyengo yokolola. Mtedza wa apongozi (kuno amati nshawa) tinali titazula n'kuunjika milu m'munda kuti uume tisanathothole. Ndinayamba kuona kuti mulu wa kumalire ukuphwa. Ndikapita Loweruka uli bwino, Lolemba wachepa, ndipo masangwi othotholedwa ali mbwee pansi. Nthawi yomweyo maganizo anga anagwera pa a Lungu, amene munda wawo unagundana ndi wathu. Umboni ndinali nawo wokwanira. Ankandipatsa moni wopitirira muyeso, kwawo kunkanunkhira ndiwo zotendera tsiku lililonse, komanso kutchalitchi ankafika ulaliki uli pakati. Ngakhale nkhuku zawo ndinkaziona kuti zanenepa mokayikitsa.

Munthu wanzeru akanauza mkazi wake. Ine ndinaona mwayi. Ndinati ndikagwira wakubayo ndekha, n'kumukokera pabwalo, n'kuvula chigoba anthu onse akuona, apongozi adzanditulutsa ndi nthungululu. (Inde, ndinanena kuti ngwazi sifuna zikomo. Ine ndinkaifuna kwambiri.)

Lamlungu m'mawa ndinadwala m'mimba mwadala. Anthu atapita kutchalitchi, ndinatenga chipewa chaubweya n'kuboola maso awiri. Limodzi linakwera pamphumi, choncho ndinkaona ndi diso limodzi. Kumsana ndinamangirira thumba la feteleza lotumbula, kuti lizikupiza ndikamathamanga. Ndinadzera kuseri kwa khola n'kukabisala m'chitsamba cha kumalire. Dzuwa linakwera, thukuta likuyenderera m'chipewa, nyerere zikundiyendera m'buluku, koma ndinapirira poti m'mafilimu palibe ngwazi imene imadzikanda.

Kenaka ndinamva mapazi. Munthu wovala jekete lalikulu lachimuna, chipewa chamlaza chitaphimba nkhope, anafika n'kukhala pansi mondifulatira, n'kuyamba kuthothola mtedza akuponya m'thumba. Sankathamanga n'komwe. Kudekha kumeneko kunandikwiyitsa, ndinati a Lungu afika pozolowera.

Ndinalumpha ndi mfuu. Thumba langa linakodwa paminga, ndinaphunthwa, koma ndinafika ndithu n'kumugwira phewa.

"Lelo wagwidwa, mbala iwe!"

Chipewa chamlaza chinagwa. Anali apongozi.

Jekete linali la malemu amuna awo. Sabata zingapo sankapita kutchalitchi ponena kuti bondo likuwawa, ndipo ine, amene ndinkakayikira ngakhale nkhuku, izi sindinazilabadire. Dzanja langa linali paphewa la munthu amene ngakhale mthunzi wake sindinkauponda.

Apa ndiye pamene ndinadzipha. Chigawenga chenicheni chikanathawa. Ine thupi linachita zimene linazolowera mutu usanaganize. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse, chigoba chili kumaso, thumba la feteleza likulendewera.

Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanakuwe. Anatola chipewa chawo, n'kuchikung'untha fumbi, n'kunena akuyang'ana kumbali, monga amachitira poyankhula mkamwini ali pafupi.

"Zigawenga za masiku ano n'zaulemu."

Ndinathawa. Chipewa ndi thumba ndinaziponya m'chimbudzi, n'kukagona pamphasa. M'mimba muja munayamba kupweteka zenizeni.

Masana mudzi wonse unasonkhana pakhomo pa apongozi. Ndinakhala kumapeto, ndikudikira dzina langa ngati mbuzi yomangidwa pamsika. Iwo anafotokoza zonse, chigoba, thumba, mfuu, ndi dzanja paphewa. Ndinatseka maso kudikira kunjuta kuja. Sanakutchule.

"Amai, simunamuzindikile?" anafunsa a Lungu.

"Iyai. Maso yanga yakalamba."

A Lungu anatembenukira kwa ine, nkhope yodzala chisoni. "Akamwini, mailo m'mawa tikatsate mapazi. Munthu wotele si wom'lekelela." Ndinavomera, ndipo m'mawa mwake ndinatsogolera gulu lonse kulowera kumtsinje, kutali ndi khola lathu. Manyazi anandigwira poona mmene bambo amene ndinkamuyesa mbala ankavutikira paminga chifukwa cha banja lathu.

Patapita masiku, amake Dalitso anabwera kuchokera kwa mayi awo n'kukhala pafupi nane. Sankaseka, koma milomo inkanjenjemera.

"Bambo a Dalitso, mudziwa chifukwa chake amama anali kuthothola nshawa mobisa? Anali kusankha zamaso akuluakulu, kutisungila mbewu. Anafuna kuti pokolola tipite nazo ku Katete. Anali atavomela kale, anafuna chabe kutidabwitsa."

Ndinafunsa msangamsanga: "Ndiye tinyamuka liti?"

"Akuti chaka chino iyai. Kuno kwabwela chigawenga, ndipo iwo ndi mkazi wamasiye. Akuti sangalole mwamuna wamphamvu ngati imwe achoke chisanagwidwe."

"Nanga chikapanda kugwidwa?"

"Akuti chingathe kubwela chokha kudzapepesa pabwalo. Anthu onse alipo."

Ndinamuyang'anitsitsa mkazi wanga kuti ndione ngati akudziwa. Iye anadzuka n'kukayang'ana madzi pamoto, mapewa akugwedezeka.

Ndaganiza kwambiri za funso lija la ungwazi, poti nthawi ndili nayo yambiri. Tsopano ndimati ngwazi ndi munthu amene wakugwira, ali ndi mphamvu yokuvula pagulu, koma n'kusunga pakamwa pake. Pamenepo apongozi ndimawavulira chipewa. Kungoti chaka chomwecho anakulitsa munda wa thonje, ndipo wolima ndinali ine, moti nthawi zina ndimakayika ngati chinali chifundo chokha.

Njira yopita kwathu ndikuidziwa, ndi kuimirira pabwalo n'kunena kuti ndine. M'mafilimu, apa ndi pamene ngwazi imavula chigoba. Ine mvula yagwanso, ndipo ndadzala kale mtedza ku Msanzala.