Phazi la pa Katoni

Lolemba

Tadala wasankhidwa! Mwana wanga, Fomu 1, sukulu yogonera komweko! Amake andiuza pa foni m'mawa uno. Ndakuwa mpaka mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pafupi ndi tebulo langa wayesa ndadzibaya ndi singano.

Kusukuluko akufuna nsapato zakuda. Amake akuti, "Mungogula za m'sitolo, bambo ake, musadzivute." Za m'sitolo! Ine? Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala pa renki ya matekisi kuno ku Kya Sand, ku Joni, ntchito yanga kumata za m'sitolo zomwezo zikayasamula. Mwana wa wosoka nsapato avale pulasitiki? Ayi ndithu. Ndisoka ndekha, za chikopa chenicheni.

Muyeso ndili nawo kale. Tsiku lonyamuka kwathu ku Ntcheu ndinamuimika pa katoni ya sopo n'kuzunguliza phazi lake ndi pensulo. Ankaseka, akuti ikumugirigisha. Katoniyo imakhala m'Baibulo, pa Masalimo. Ndiwonjezera chala chimodzi kutsogolo, poti ana amakula.

Zofunika:
chikopa chakuda
soli ziwiri
guluu
ulusi ndi phula
makina a a Tembo

A Mbewe, transipota wathu, anyamuka kumudzi mawa. Loweruka masana adzanyamukira ku Fordsburg, kuno ku Joni, kubwerera kumudzi ndi katundu wa anthu. Masiku asanu. Ochuluka!

Lachiwiri

Fordsburg. Chikopa chakuda chatha. Mwini sitolo akuti, "Next week, my friend." Ndagula cha bulauni ndi kabotolo ka utoto wakuda. Ng'ombe ndi ng'ombe basi.

Ndanola mpeni. Ndadula zapamwamba zonse ziwiri. Ndaziyala patebulo kuti ndizisirire bwino.

Zonse zakumanzere!

Pa katoni pali phazi limodzi lokha, ndiye ndaiwala kuitembenuza podula lachiwiri. Zaka zonsezi pa ntchito! Chikopa chili ndi kumaso ndi kumsana, sungangochigadabuza ngati chitenje. Lakumanja ndalidula ku kachigamba kotsala, ka kumimba kwa ng'ombe, kamene kamatamuka. Sindiuza munthu.

Lachitatu

A Tembo, a ku Chipata, a mkhukhu, kachisakasa ka malata, woyandikana ndi wanga, ndi telala wa matharauzi. Andibwereka makina awo ndi nkhope ya munthu amene akukwatitsa mwana wake kwa chidakwa.

Singano yoyamba: thyo!
Yachiwiri: thyo!
Yachitatu yayendako pang'ono, molumphalumpha, ulusi wapotana pansi. Thyo!

A Tembo anyamula makina awo osatsazika. Pakhomo atembenuka, maso pa katoni yanga. "Koma imwe, uyu mwana wanu sakula?" Ndawafotokozera za chala chimodzi chija. Angoti, "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo." Azipita akasoke matharauzi awo. Phazi la mwana wanga alidziwe ndi iwo?

Tsono vuto la chikopa n'loti sichiiwala. Nsalu ukalakwitsa umamasula ulusi n'kuyambiranso, koma chikopa, pamene singano yadutsa, bowo limakhala pomwepo mpaka kalekale. Ndisoka pamanja, ndikutsata mabowo okhota a makina a anthu. Mzere ukhala wokhota. Ndidzati ndi sitayilo ya ku Joni.

Lachinayi

Tsiku lonse kubowola, kulowetsa ulusi wa phula, kukoka. Kubowola, kulowetsa, kukoka. Makasitomala atatu ndawabweza ndi nsapato zawo zoyasamula. Zala zatupa. Chachikulu chatuluka magazi, ndadontheza pa chikopa. Bola utoto ubisa.

Masana foni yalira. Mawu a munthu wamkulu: "Mwaswera bwanji?" Ine ndayamba kudandaula za a Tembo, amake mwana uku, amake mwana uko. Mawu aja angoti, "Adadi, ndine Tadala."

Ndaseka kwambiri kuti asamve manyazi anga. Iye sanaseke. Wathokoza mwaulemu ngati akuyankhula ndi ahedi, n'kupereka foni kwa amake. Mtima wanga wawawa, ndinene zoona. Kale ankandikwera pamsana osapempha.

Amake akuti, "Tinajambula phazi lake papepala, tinapatsa a Mbewe. Dikirani lifike musanamate soli." Kudikira? A Mbewe akadali pa boda, mzere wa malole sukusuntha. Guluu amafuna tsiku lathunthu kuti agwire. Ndikadikira pepala, galimoto indisiya.

Ndamata soli.

Lachisanu

Utoto. Ndapaka kawiri, ndaziyanika padenga. Mphepo ya kuno nayo, imadziwa nthawi yake! Fumbi lonse la Kya Sand latera pa nsapato za mwana wanga. Ndapala, ndapakanso. Manja akuda bii mpaka m'zikhadabo.

Zatha! Zolakwika:
yakumanja ndi yotakasukirapo
mzere wokhota
padzuwa zimaoneka zapepo pang'ono
yakumanzere imalira ukaipinda

Koma ndi nsapato, abale. Zopepuka, zofewa m'kati, chidendene cholimba. M'kati ndadinda T ndi msomali wamoto. Izi zingayende zaka zinayi zonse za sekondale osayasamula. Ndaziika patebulo kuti a pa renki aone ntchito.

Mayi wa magwinya wazinyamula, wazitembenuza. "Zinhle, baba! Ezika Grade 3?" Akufunsa ngati ndi za mwana wa Sitandade 3. Ndamulanda. Akazinge magwinya ake.

Ndazikulunga m'nyuzipepala. Zikukwana m'dzanja limodzi zonse ziwiri. Sindikufuna kuganiza za zimenezo.

Loweruka

Fordsburg, m'mawa. A Mbewe afika dzulo, maso ofiira, akumanga kale mafiriji ndi matilesi a anthu pa ngolo ya galimoto. Andipatsa envulopu. Pepala la m'kope, lopindidwa.

Ndalitambasula pa boneti ya galimoto. Ndaikapo nsapato, chidendene pa chidendene.

Zala zonse zisanu zili panja. Osati nsonga zokha. Zonse.

Ndayesa yakumanja, yotamuka ija. Chimodzimodzi. A Mbewe ayang'ana nsapato, ayang'ana pepala, ayang'ana kumwamba. "Achimwene, tinyamuka thwelofu koloko. Kapena kuli kamng'ono kake?" Kulibe kamng'ono kake. Kangachokere kuti, ine ndili kuno?

Pansi pa phazilo pali mawu, olembedwa bwino kuposa mmene ndimalembera ine: "Adadi, musavutike. Zogula nazonso ndi nsapato."

Ndathamanga ndi pepala m'manja. Sitolo yoyamba yomwe ndapeza. Mtsikana wogulitsa waika nsapato papepala, wati sayizi sikisi. Amake amavala sikisi. Zakuda, zonyezimira, soli yomatidwa ndi malovu. Ndikudziwa pamene zidzayambire kuyasamula, ndi mwezi wake womwe. Ndagula. M'bokosimo ndaponyamo kachitini ka guluu wanga.

Galimoto yanyamuka. Zanga zabwerera nane pa tekisi, pamiyendo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Manja akadali akuda, ndipo sindikufuna kufunsidwa.

A Tembo abwera ndi tiyi m'makapu awiri. Mwambi wawo uja sanaubwereze, Mulungu awadalitse. Anyamula nsapato imodzi, aipinda, yalira. "Ni zabwino izi, imwe. Mugulise kuli uja wa magwinya." Ndakana. M'kati muli T. Chikopa sichiiwala.

Atachoka ndaika katoni pamwamba pa pepala, chidendene pa chidendene. Kaphazi kakang'ono m'kati mwa phazi lalikulu. Mpata wotsalawo ndauyeza: zala zinayi. Ine ndinamupatsa chimodzi. Zinazo wakula ine kulibe, ndikumata nsapato za ana a eni.

Ndalira, ndisaname. Munthu wamkulu, ndi tiyi wa a Tembo m'manja.

Nsapato ndazipaka polishi, ndaziika pashelefu pafupi ndi wailesi. Zikhale pomwepo. Mawa ndibwerera ku renki, atatu aja akudikira.

Katoni ndaibwezera pa Masalimo. Pepala latsopanoli ndimati ndiliike pomwepo, koma silikukwana m'Baibulo. Ndalipinda pawiri.