Chala Changa pa Chithunzi Chilichonse

Lolemba

Tchuthi chayamba. Zaka khumi ndi zinayi ndikuchapa mabedishiti ku loji, manja afika potopa nane: ming'alu, dzanzi, ndikagwira kapu ya tiyi sindidziwa ngati yatentha. Anamwino akuti sabata yonse ndisakhudze sopo.

Tadala, mwana wanga wa ku Lilongwe, wanditumizira foni ya kamera pamodzi ndi lamulo: "Amayi, tsiku lililonse chithunzi chimodzi cha panja, ndione kuti mukupumadi. Apo ayi, Lamlungu ndibwera kudzakutengani, ntchitoyo musiye."

Ine ku Lilongwe? Kukakhala mumpanda ngati nkhuku ya mazira? Toto.

Zoti ndijambule: mlambe wa kuseri kwa tchalitchi, nkhwazi, thanthwe la kugombe, tinsomba ta m'miyala. Ndayamba ndi mlambe poti suthawa. Chatuluka: theka mlambe, theka chinthu chakuda chosadziwika.

Lachiwiri

Chinthu chija ndi chala changa chachikulu. Andiuza ndi Mayi Saidi, anzanga oyandikana nawo nyumba, ogulitsa usipa: "Mwatseka diso la foni, asisi. Simukumva kuti chala chili pagalasi?" Sindikumva. Vuto lonse ndi lomwelo.

Ndabwereza mlambe. Chala chabweranso. Tadala: "Amayi, ichi n'chiyani?"

Lachitatu

M'mawa, nkhwazi! Yatsika ngati mwala, yapalasa madzi ndi zikhadabo, yanyamuka ndi chambo chikuphiriphitha. Madontho akugwa kuchokera kumwamba. Ine kukamwa yasa, foni ili m'chitenje. Ndinabadwira pompano, koma nyanjayi ndakhala ndikuiona kudzera pakati pa zovala zoyanika.

Ndajambula mochedwa. Chatuluka: thambo lopanda kanthu, ndi chala.

Lachinayi

Thanthwe. Ndatsamira dzanja kuti ndikhale pansi, ndipo ndamva kutentha. Ndamva ine! Mwalawu uli ndi timatuza tating'onoting'ono, pena posalala, pena pokhakhala. Ndausisita mwina ola lathunthu, misozi ili m'maso. Mayi Saidi akudutsa ndi beseni pamutu: "Mwataya chiyani pamenepo?"

Chithunzi: chala, ndi ngodya ya siketi.

Lachisanu

Foni ndaikulunga m'pepala la shuga kuopa madzi. Ndalowa mpaka m'mawondo, dzanja ndalimiza pakati pa miyala. Tinsomba tabwera, tina tobiriwira, tina tachikasu, tikujompha m'ming'alu muja. Kunyerenyetsa kwake! Ndaseka ndekha mokweza mpaka asodzi osoka maukonde asiya kusoka. Timilomo tochepa choncho, ndipo kalikonse ndikukamva pakokha. Mulungu ameneyu ali ndi nthawi.

Chithunzi: m'kati mwa pepala la shuga, ndi chala.

Tadala: "Zithunzi zisanu, zala zisanu. Konzani chikwama."

Loweruka

Mwera wavuta, mabwato onse ali kumtunda. Chikwama sindinakonze. Mtima ukuwawa, ndiye ndangoyenda m'gombe.

Zomwe ndagwira lero: mchenga wapamwamba, wotentha, wapansi pake, wozizira ngati m'mtsuko, tsamba la bango, landicheka, ndipo ndathokoza, chigoba cha nkhono, khungwa la mlambe uja, losalala kuposa mmene limaonekera. Zaka zonsezi kudutsa pamenepo osaugwira!

Kujambula ndakumbukira ndili kale pakhonde. Chatuluka chala chokhachokha, chopanda ngakhale thambo. Ndatumiza chomwecho.

Lamlungu

Potuluka m'tchalitchi ndapeza Tadala ali pakhonde, nkhope ili gwa. Watenga foni, akuyang'ana zithunzi chimodzichimodzi. Kenaka akukulitsa pakona pomwe pali chala.

"Lolemba mng'alu uwu unali woyasama. Lachinayi wachepa. Dzulo watsekeka. Amayi, mwajambula chala chanu chikupola."

Akuti ndikhale, bola magolovesi ndizivala, ndipo foni ndisunge ngakhale ndilibe nayo luso. Chabwino. Nkhwazi ndilibe, nsomba ndilibe, mlambe ndili ndi theka. Mawa mabedishiti akundidikira, ndipo ming'alu idzabweranso, ndikudziwa.

Pomuperekeza kokwerera minibasi wandigwira dzanja kuti aone bwino chalacho. Dzanja lake likunjenjemera pang'ono. Sabata yatha sindikanamva.