Kabati ya Mwatitha ndi Kompuresa ya Kuseri kwa Mpanda

Lolemba

Kabati yatha! Miyezi itatu ya kuyeza, kudula, kupala ndi kukhoma. Zitseko ziwiri, madirowa anayi, mashelefu atatu, ndipo palibe msomali woonekera ngakhale umodzi. Iyi ndiyo mphatso yanga kwa Mwatitha, mwana wanga woyamba, amene akukwatiwa Loweruka likubwerali. Mkati mwa chitseko chakumanzere ndalembamo ndi pensulo: "Wakhoma ndi bambo ako, ndi manja ake." Chatsala ndi penti basi.

Burashi ndatsuka kale. Ndi burashi yomweyi ndakhala ndikupenta mabenchi a kutchalitchi chipumireni ntchito yauphunzitsi, ndipo palibe anadandaulapo kupatula mkulu wa mpingo mmodzi amene anakhalira penti wosauma.

Koma kuseri kwa mpanda kwayamba. Dudududu, psssss. Dudududu, psssss.

A Kachiwanda amenewo. Tinapuma ntchito chaka chimodzi, iwo ku zaulimi, ine kusukulu, ndipo mpaka pa Isitala tinali anthu ofanana: njinga imodziimodzi, nkhunda, mawondo olira. Kenako mwana wawo wa ku Joni anawatumizira kompuresa ndi mfuti yake yopopera penti. Chiyambireni, Malomo wathu yense akudutsira njira ya kwathu kuno kuti angosuzumira.

Zimene apopera kale:
- geti (yobiriwira)
- wilibala
- njinga ya abusa
- khola la nkhunda, ngati kuti nkhunda zimasankha mtundu
- mbale ya galu!

Sindikuchita nsanje. Ndikungolemba zimene ndikuona.

Madzulo aNambewe, mayi akunyumba, aima pakhomo la shedi. Ayang'ana kabati, ayang'ana burashi. "Yakongola. Koma mukanawapempha a Kachiwanda akupopereni kuti mizere ya burashi isaoneke. Akuchimunatu ndi a m'tauni."

Mizere! Zaka makumi atatu ndi ziwiri tili pabanja, lero ndi pamene aona kuti burashi yanga imasiya mizere.

Chabwino. Kabati ipoperedwa. Koma wopopera ndine.

Lachiwiri

Minibasi ya ku Mponela, fumbi mpaka m'makutu. Kunyumba ndanena kuti ndikukagula mahinjesi.

M'hadiweya wogulitsa ndi mayi wa magalasi, wodziwa katundu wake kuposa mmene ine ndimadziwira galamala. Andiyalira zosankha zitatu.

1. Kompuresa ndi mfuti yake. Yofiira, ya mateyala, yokulirapo kuposa ya a Kachiwanda. Akuti imatha kupopera ngakhale ngolo. Ndaisisita. Ndafunsa mtengo. Ndachotsapo dzanja.

2. Mfuti yamagetsi yosafuna kompuresa, ya kachitini kunsi kwake. Yopepuka, yokwanira munthu wopanga timipando pakhomo. Ndayamba kale kuiona nkhope ya a Kachiwanda. Ndiye funso: "Kunyumba kuli magetsi, bambo?" Kuli sola ya mababu atatu ndi foni. Akuti sola yotero ikhoza kuyendetsa mfutiyo kwa nthawi yongokwanira kuyetsemula kamodzi. Waya wamagetsi kwathu kuno anathera pa nyumba ya a Kachiwanda. Inde, pomwepo.

3. Zitini zogwedeza zija, zokhala ndi kamwala kolira mkati. Za anyamata a kabaza.

Ndagula zitini ziwiri za kirimu. Ndazikulunga m'nyuzipepala ngati mankhwala a matenda ochititsa manyazi.

Ndikutuluka, mayi uja akuti: "Koma ngati mukuchokera ku Malomo, kuli madala ena kumeneko ali ndi kompuresa yabwino. Thina wosungunulira penti amagula konkuno. Ndi abwino mtima, sangakukanizeni."

Mpaka ku Mponela! Ulendo wonsewu, bondo likukhula thumba la nyemba za eni, kudzangomva za munthu wa kuseri kwa mpanda wanga.

Mahinjesi ndaiwala kugula, ndipo aNambewe sanafunse.

Lachitatu

Ndagwedeza chitini mpaka phewa kulira. Psss. Fungo la chitukuko! Kwa mphindi zisanu ndine munthu.

Kenako:
- chitini choyamba chathera pa chitseko chimodzi
- chachiwiri pa theka la chinzake
- penti akutsetsereka ngati mamina a mwana m'nyengo yozizira ino
- chala chachita dzanzi

Kuti kabati yonse ithe pafunika zitini mwina khumi ndi ziwiri, ndi chala china.

Pamwamba pa mpanda pali chipewa. Kunsi kwa chipewa kuli a Kachiwanda, chophimba kukamwa chili lende pakhosi ngati dokotala wa opaleshoni.

"Mwayandikitsa kwambiri, aphunzitsi. Muzisiya mpata wa chikhatho, dzanja liziyenda osaima. Koma bwanji osangoikweza pa wilibala? Ola limodzi yatha. Mwatithatu ndi mwana wathu tonse."

Mwana wathu tonse! Pamene ankadwala chikuku anamubereka ndani mpaka kuchipatala? Ndayankha mwaulemu kuti zikomo, ndikungoyesa mtundu.

Ndakhala pansi, mtima ukuwira. Ndiye aNambewe atulukira kuchokera kudimba atabereka sipuleya yawo yopopera mankhwala a tomato, ya buluu ija. Ndaiyang'anitsitsa. Thanki ilipo. Mpweya umalowa ndi dzanja, kungopopa. Payipi ilipo, ndodo ilipo, ndipo kanozo ka kumapeto kamamwaza bwinobwino ngati nkhungu. Magetsi? Siifuna. Kodi kompuresa n'chiyani, ngati si sipuleya imene inapita kusukulu?

Ndawalandira katunduyo ndekha, ndakaikanso pamalo pake. Adabwa. Akuti kodi ndikudwala.

Mawa ndi Lachinayi, tsiku la amayi kumpingo.

Lachinayi

ANambewe anyamuka naini koloko, bulauzi yoyera mbee, duku loyera. Pabwalo asiya mphasa zitatu za ufa wa paukwati, woyanika. Pachingwe, nsalu zofanana zimene azakhali a mkwatibwi avale Loweruka. "Muziingitsa nkhuku." Ndavomera msanga kwambiri mpaka acheuka kawiri.

Kabati ndaitulutsa panja chifukwa m'shedi ndi mothina. Penti wa mafuta wotsala pa zitseko za chaka chatha alipo, wa kirimu yemweyo. Sipuleya ndaitsukuluza kamodzi, kwakwana.

Kupopa koyamba: zii.
Parafini pang'ono. Yatsokomola.
Parafini wina. Yalavula pa nsapato.
Ndakuza bowo la kanozo ndi msomali. Ndathira parafini yense wotsala.
Ndabereka, ndapopa kakhumi, ndafinya.

Penti watuluka! Osati nkhungu ayi, mvula ya mu Januwale. Ndipo nthawi yomweyo mphepo, imene yakhala phee m'mawa wonse, yatsika m'phiri kudzaonerera.

Zimene zapentedwa:
- ufa, mphasa ziwiri ndi theka
- nsalu za azakhali, zonse madonthomadontho
- tambala
- magalasi anga, n'chifukwa chake zapamwambazi sindinazione msanga
- mbali ya geti yobiriwira ya a Kachiwanda (apa pokha sindikudandaula)

Zimene sizinapentedwe: kabati. Yangonyowa mbali imodzi, ndipo ikununkha mankhwala a tomato.

Chofinyira chakanirira, sichikutseka. Ndikuzungulira pabwalo kufuna kuvula malamba, penti nayenso akuzungulira nane. Pamenepo ndi pamene chitseko cha mpanda chatseguka. Bulauzi yoyera!

"Musayandikire!"

Aima patali. Ayang'ana ufa, chingwe, tambala, ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angofunsa kuti, "Sipuleya yanga ija?"

Lachisanu

Penti wosakaniza ndi parafini wambiri chonchi sauma. Izi palibe anandiuza. Mbali ya kabati ikumata, yagwira fumbi, nthenga, nyerere, ndi ntchentche ziwiri zimene zikuphiriphithabe. Sipuleya yafa. Mphira zake zatupa ngati mandasi.

Ndikupala chiyambire m'mawa, ndi mpeni, sandipepa ndi mapemphero. M'manja matuza okhaokha.

Abale akufika. Azakhali a ku Bowe atambasula nsalu yawo: "Kodi fashoni ya chaka chino ndi ya nkhanga?" Bwalo lonse laseka. Ine ndikupala.

Mwatitha wafika masana ndi anzake. Wandikumbatira, wanunkhiza malaya anga. "Ababa, kabati munkanena ija ili kuti? Ndawauza onse kuti bambo anga akupanga okha." Ndati ikuuma, aione mawa. Bodza kwa mwana wanga, tsiku lake lomaliza pakhomo pano. Zandiwawa kuposa matuza.

Chilango changa: matumba awiri a chimanga panjinga, kuchigayo, kukagayitsa ufa wina. Mzere wautali, ndipo amayi onse a pamzerewo nkhani ya tambala aimva kale. Ndabwerako dzuwa litapendeka.

M'shedi mulibe kabati. Pansi pali mzere wa teyala la wilibala, kuchoka pakhomo panga, kudutsa pa mtengo wa mapeyala, kukalowa pa geti yobiriwira.

Dudududu. Psssss.

ANambewe, osadzutsa mutu pa lichero: "Amene akukwatiwa mawa ndi mwana, si inu ndi a Kachiwanda ayi."

Mawu anga a pensulo aja! Pofika pano akwiriridwa kale.

Loweruka

Ukwati wayenda bwino. Mwatitha wakongola moti ndalira pang'ono, ndanamizira fumbi. Azakhali avala nsalu zawo za nkhanga, ndipo akuchimuna afunsa kumene tinagula.

Nthawi ya mphatso, amuna anayi alowa nayo kabati. Ndivomere, ikuwala. Penti wa galimoto wouma msanga, wosalala ngati mbale zagalasi zodyera alendo. Amayi akudziyang'anirapo, kukonza maduku.

Wolengeza: "Mphatso yochokera kwa bambo a mkwatibwi!" Nthungululu. Ndaimirira, ndakweza dzanja. Maso onse ali pa kabati.

Mafunso amene ndamva lero:
- Wapopera ndani?
- Makina ake ndi otani?
- Amapoperanso njinga zamoto?
- Nambala yawo muli nayo?

Mafunso okhudza madirowa anayi otseguka popanda kulira: palibe.

A Kachiwanda avina ngati kuti apongozi ndi iwo. Amalume a mkwati awagwira dzanja kawiri. Ine kamodzi, uku akuyang'ana zikhadabo zanga za kirimu.

Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa. Nsanje? Inde, nsanje. Lero ndikuilemba ndi dzina lake.

Lamulungu

Kutchalitchi, malamulo khumi. Lomaliza lija loletsa kusirira latchula ng'ombe, latchula bulu. Kompuresa mulibe. Ndapumako. Kenako abusa afotokoza kuti likukhudza chilichonse cha mnzako, ndipo aNambewe andigunda ndi chigongono.

Masana a Kachiwanda ali pakhomo, chipewa m'manja. Ndimayesa abwera za geti. Ayi.

"Aphunzitsi, madirowa aja ndinakhala ndikuwakoka ndi kuwabweza ngati mwana. Ine zoti ndipopere kunyumba zatha, ndipo kukhoma sinditha. Chiionereni kabati ija, mayi akunyumba sakundipatsa mtendere. Akuti bola ndikanakhala ndi manja ngati anu."

Ndati khutu ili silimva bwino, abwereze. Abwereza.

Atapita, foni. Mwatitha, ali kale kunyumba kwawo kwatsopano. "Ababa, ndatsegula chitseko chakumanzere. Ndawerenga." Watumiza chithunzi. Mawu anga a pensulo ali pomwepo, pa thabwa losapenta, m'malire owongoka bwino mbali zonse zinayi. Munthu uja anayamba wamatapo tepi asanapopere.

Taonani kuipa kwake. Ngakhale chifukwa chomudera sanandisiyire.

Zochita sabata ino:
- kugula sipuleya yatsopano, tomato sadikira
- kutumiza nkhunda ziwiri ku Bowe, zopepesera
- kuyamba kabati ya mayi Kachiwanda

Ndikhoma ine, apopera amuna awo, ndipo anthu adzafunsa kuti wapopera ndani. Burashi ndaipachika pa msomali. Tambala akadali wa kirimu, ndipo nkhuku zikumutsata kuposa kale.