Mmene Ndinasokonezera Kafukufuku wa Ubongo

Kunamiza mkazi wako ndi mlandu wapakhomo, koma kunamiza dokotala mkazi wako ali pomwepo ndi tsoka lodziitanira wekha.

Loweruka lina masana ndinatsanzika kwa akazi anga, Nachisale, kuti ndikupita ku kwaya ku Area 23. Zoona zake, ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kuchoka kwathu ku Kawale kukaonera mpira ndi anzanga ku Chinsapo. Tili m'njira galu anadutsa pamsewu, wakabaza n'kumanga mabuleki, ine n'kumenyetsa mutu pansi.

Kuchipatala ndinafika chipumi chitatupa koma nzeru zili m'malo. Kunabwera dokotala wachitsikana amene ankachita kafukufuku wa ovulala ubongo. Anati amawaika m'magulu atatu: ovulala pang'ono, apakatikati ndi ovulala kwambiri. Ndinavomera kulowa nawo (ndinkaona ngati ndi ulemu).

"Tsegulani maso, bambo. Finyani dzanja langa. Dzina lanu ndani?"

Zonsezi ndinakhoza. Anati ndine wa gulu loyamba ndipo madzulo ndituluka. Nthawi yomweyo Nachisale analowa, thukuta lili kamukamu.

"Funso lomaliza," anatero dokotala. "Mumapita kuti ngoziyi isanachitike?"

Ndinayang'ana akazi anga, kenako kudenga. "Sindikukumbuka."

"Nanga m'mawa munadya chiyani?"

Bodza siliyenda lokha. "Ndaiwalanso."

"Mayi awa mukuwadziwa?"

Apa ndiye ndinachulutsa mchere. "Nkhope yokha si yachilendo."

Nachisale anayamba kulira. Dokotala anati kuiwalaku kukapitirira mpaka mawa andisamutsira gulu lachiwiri. Zotuluka zinathera pomwepo. Anandilowetsa m'makina ojambula mutu, anamwino n'kumabwera pafupipafupi kudzandiunika m'maso ndi tochi, uku akundifunsa kuti uno ndi mwezi wanji. Kutacha kunafika alamu anga a ku Mtandire, n'kumandiyankhula mokuwa ngati ndagontha: "I-ne ndi-ne a-la-mu a-nu" (ngati ndingaiwale munthu woti amadya kwathu Lamlungu lililonse).

Nditatopa nazo ndinanong'oneza dokotala zoona zake. Sanaseke. Anati usiku wonse munthu wovulala zenizeni wagona pamphasa chifukwa bedi ndinatsekereza ine, ndipo mayankho anga onse awachotsa m'kafukufuku chifukwa akanasokoneza za anthu ena. Ndinasowa poika nkhope.

Manyaziwo asanathe, wakabaza uja anatulukira, mkono uli m'bandeji.

"Pepani bwana. Komabe ku Chinsapo kuja mukanangokakhumudwa, timu yanu inagonja."

"Ku Chinsapo?" Nachisale, amene anali pambali pa bedi, anafunsa mofatsa. "Kwaya inasamuka liti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti sindikukumbuka, koma dokotala anali chiimire pomwepo, atapinda manja.

Masiku ano sindikwera kabaza wopanda chipewa choteteza mutu. Chinanso, wakabaza ndimangomuuza kokatsikira, zoti ndikukachita chiyani sindimuuzanso.