Masewera Amene Sanathe Mpaka Lero

Amene akuganiza kuti ndine wabodza aike kapu yake ya tiyi pansi, abwere andigwire paphewa apa pamene fupa linapindika. Bwerani, sililuma. Inu achimwene a ku yunivesite amene mukusekera mu foni, mwafika ku Glasgow chaka chatha chomwechi, ine ndinafika nsanjika za ku Sighthill zili chiimire, ndipo musanatuluke mu holo ya tchalitchi ino mudziwa amene anazigwetsa. Ine Lufeyo Kambewa wa ku Ntcheu, amene sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndinaimbira masewera a besibo amene sanathe mpaka lero. Mukumva? Mpaka lero lino Lamulungu.

Besibo ndi maraundasi aja tinkasewera kusukulu, kungoti kuno anawalembera buku. Wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira timapilo titatu mpaka abwerere pamene anayambira, pa kalabala koyera kamene amakatcha mbale. Kumbuyo kwa womenyayo kumanyonyomala wowakha mpira, ndipo kumbuyo kwa wowakhayo kumaima munthu mmodzi wopanda timu, wopanda womuchemerera, amene mpira ukaphonya onse umapeza iye. Ameneyo ndiye ampaya. Ameneyo ndinali ine, zaka zisanu ndi zinayi.

Chaka chimene mayi a Tadala anatisiya, nyumba inakula. Fulati yomwe ija ya pamwamba pa nsanjika ya ku Sighthill, zipinda ziwiri, koma kuchoka kukhitchini kukafika pabedi unali ulendo wa ku Lizulu wapansi. Tadala anali atakwatiwa kale ku Canada. Kuno kutchalitchi ndinasiya kubwera, chifukwa pabenchi pambali panga anthu ankasiya malo ngati mwini wake wangotuluka pang'ono. Ndiye Lamulungu ndinkangoyenda m'paki, manja m'matumba. Tsiku lina ndikuyenda choncho mpira unabwera ukulira ngati njuchi, utalunjika mphuno yangayi, ine osazinda, osaphethira, ndinangotulutsa dzanja lamanzere n'kuuwakha, ndipo unali wotentha moti ndinaugwiritsitsa pang'ono kuti ndiwothe, poti kunkazizira.

Kunabwera mzungu wandevu ngati mbuzi ya mfumu, dzina lake Alasita, amene kale ankayendetsa basi ndipo ndiye anali mkulu wa maampaya. Anati zaka makumi atatu wakhala akufunafuna munthu wosaphethira. Sindinamuuze kuti munthu amene waika mkazi wake m'dziko la eni, mpira sungamuopsenso.

Maphunziro ankachitika nyengo yozizira, Lachinayi madzulo, mu holo ya sukulu ina. Buku la malamulo n'lonenepa ngati Baibulo la paguwa, ndipo Chingerezi cha m'mabuku chimandipita pambali, ndiye Alasita ankawerenga ine n'kumameza. Anawerenga kamodzi kokha. Mpaka lero mundidzutse kutulo ndikuuzani kuti mpira wodutsa pamwamba pa mbale, pakati pa mawondo ndi chifuwa, ndi sitiraiki, itatu womenya watuluka. Wodutsa pambali ndi bolo, anayi womenya apita pa pilo loyamba ulele. Ndikuuzani kuti ampaya safulumira, amapuma kamodzi asanagamule. Satembenuza mutu mpira ukamabwera, chifukwa chigoba chimateteza kumaso kokha, khutu lili pamtetete. Akamasesa mbale ndi kaburashi kake amafulatira woponya, kuti asalozetse mbuyo kwa anthu oonerera, ndipo ulemu umenewo kwathu tinabadwa nawo. Sadya ndi timu iyi, sadya ndi timu iyo, sakwera galimoto ya wosewera ngakhale mvula ikugwa. Anzanga lamulo limenelo linkawavuta. Ine ndinali nditalizolowera kale.

Ndipo ampaya wa besibo alibe wezulo. Ine amene ndinkaimbira ntchemberembaye kwathu, mpaka kupezerako mayi a Tadala amene ankagoletsa osayang'ana, ndinafunsa kuti nanga wezulo ali kuti, Alasita n'kundiloza pakhosi. Ndiye ndinkakayeserera kunyumba, poti munalibe woti ndingamusokose, ndikaima pawindo ndikuti "Sitiraiki!" mbale za m'kabati zinkagwa, nkhunda za padenga zinkaikira mazira zili m'malere, chikepe cha mu nsanjika chinkatsika chokha, ndipo tsiku lina khoma linang'aluka kuchoka pamwamba mpaka pansi moti ndinkapatsana moni ndi mayi wa ku Congo wa fulati yoyandikana popanda kutsegula chitseko. Pasanapite nthawi anatisamutsa tonse, ine n'kupita ku Govanhill, nsanjika n'kugwa. Amati anaphulitsa ndi mabomba. Asiyeni azitero, munthu sudzitama.

Zovala anandibwereka a ligi, m'chikwama chakuda chachikulu ngati thumba la feteleza. Chigoba chachitsulo chakumaso. Chishango cha pachifuwa chimene umachimanga mpaka chikhudze pakhosi, chifukwa ukachilekerera mpira umapeza fupa ili mwakana kuligwirali. Zoteteza misongolo. Nsapato zachitsulo kutsogolo. Ndi kena kamene sindingakatchule pamaso pa amayi a Mphatso, koma abambo mwamva, n'koteteza mtundu. Kudzanja lamanzere kachida ka mawilo kowerengera masitiraiki ndi mabolo. Ndikavala zonsezi ndinkalemera ngati ng'ombe, koma mtima unkapepuka, chifukwa anthu khumi ndi asanu ndi atatu sakanayamba kanthu ine ndisanalankhule. Ankanditukwana, inde, m'Chingerezi chawo cha kuno chimene ngakhale Angerezi sachimva. Koma kutukwanidwa n'kulankhulidwa. Sabata yonse palibe ankanditchula dzina, Lamulungu bwalo lonse linkandidziwa.

Mpira wina unandimenya pachigoba n'kukwera kumwamba, tinadikira osatsika, tinaweruka, ndipo unadzatsika Lamulungu linalo wowakha n'kuuwakha, ine n'kugamula kuti womenya uja watuluka, chonsecho iye anali atasamukira ku Aberdeen. Tinamulembera kalata. Mukumva? Achemwali, musapite, basi yanu ibweranso ina.

Tsono maso anayamba kuchita nkhungu. Ng'ala. Ine ndinkati palibe kanthu, mpira ndinkaumva ndi khutu, ndinkadziwa sitiraiki ndi fungo, koma osewera anayamba kudandaula, ndipo Loweruka lina Alasita anabwera kunyumba kwanga, munthu woyamba kukhala pampando wa mayi a Tadala chichokereni iwo. Anamwa tiyi makapu awiri. Kenako anayang'ana chikwama chija pakhomo n'kunena kuti a ligi agwirizana, masewera a mawa ndi anga omaliza, akatha ndibweze katundu apatse wina. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinamuperekeza mpaka pa basi.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa pali lamulo limodzi limene Alasita anandiwerengera yekha ndi pakamwa pake. Masewera asanayambe, eni bwalo ndiwo amanena ngati nyengo ili bwino. Koma makochi akangopereka mapepala a mayina m'manja mwa ampaya, basi, mvula ndi ya ampaya. Iye yekha ndiye anganene kuti taima, iye yekha ndiye anganene kuti zatha. Kochi sangathe, mkulu wa ligi sangathe, ngakhale mfumu itabwera ndi galeta lake.

Lamulungu limenelo kunacha bwino. Ndinalandira mapepala, ndinasesa mbale, ndinavala chigoba, ndinaloza woponya. Chigawo choyamba chinatha, chachiwiri chinatha, m'chachitatu kumwamba kunang'ambika. Inu mumati mvula ya ku Glasgow mumaidziwa chifukwa inakunyowetsani jekete, ine ndikunena mvula imene madontho ake ankagwa atagwirana manja, imene inafika m'misongolo ndisanamalize kupukuta chigoba, inafika m'chiuno woponya akadali kutukula mwendo, moti wowakha uja ponyonyomala ankangooneka chipewa ndipo zizindikiro zake zopita kwa woponya ankatumiza ndi thovu. Kochi wina anabwera akusambira kudzandipempha kuti ndiimitse. Ndinamuuza kuti mphezi kulibe, bingu kulibe, abwerere pamalo pake. Timapilo tinayamba kuyandama, lachitatu linatengedwa ndi madzi kutuluka pageti kulowera ku Pollokshields, ndipo wothamanga amene ankalifuna anachita kukwera sitima kulitsatira, analiponda pafupi ndi shopu ya mmwenye n'kubwerera ndi tikiti m'kamwa, ine n'kuona tikitiyo n'kugamula kuti wapulumuka. Mbale inamira, ndiye womenya aliyense akabwera ndinkamira ndi kaburashi kanga kukaisesa pansi pa madzi, nditafulatira woponya monga mwa lamulo, ngakhale oonerera anali abakha okhaokha. Chishango chinandiyandamitsa ngati bwato, ndinachita kukumba pansi ndi nsapato zachitsulo zija kuti ndisapite ku Ireland. Kenako kunabwera nsomba ya mu mtsinje wa Clyde, yaikulu ngati chitseko icho, inadutsa pamwamba pa mbale mulingo wa mawondo enieni, womenya anaiponyera chibonga n'kuiphonya, ine ndinapuma kamodzi n'kuti "Sitiraiki!" madzi onse n'kugawikana pakati, pansi n'kuoneka pouma, n'kubwereranso. Mukumva? Afunseni abusa, akuuzani kuti zoterezi zinachitikapo kamodzi kokha.

Abusa apita? Chabwino. Ndi achimwene a foni aja? Basi, alekeni, ali ndi mayeso.

Osewera anayamba kuchoka. Woyamba anati mwana wake akudikira, wina anati magalasi ake apita ndi madzi, ena sanatsanzike. Kunatsala woponya, womenya ndi wowakha. Kachida kanga kankati mabolo awiri, masitiraiki awiri. Woponya anandiyang'ana nthawi yaitali, anaika mpira pansi, anavula chipewa kundiweramira, n'kumapita. Enawo anamutsatira.

Amayi a Mphatso, mwatsala nokha, ndipo ndikuona makiyi m'manja mwanu. Khalani pansi pang'ono, inu ndikuuzani mmene zinalili, poti pa maliro a mayi a Tadala munaphika ndinu.

Madzi aja sanapitirire mu akakolo. Nsomba ija mwina linali jumbo la mu shopu, maso anga paja. Koma mvula inagwadi, anthu anachokadi, ndipo ine ndinaimadi pamenepo, kumbuyo kwa mbale, manja pamawondo, kuyang'ana pamene panayenera kuima woponya. Alasita anabwera ndi ambulera n'kuima pambali panga. Anati, "Lufeyo, nena kuti zatha. Tiye tikamwe tiyi."

Ine ndinati, "Ampaya satembenuza mutu."

Ndikanangokweza manja awa n'kutulutsa liwu limodzi, ndikanavula chigoba, ndikanapinda chishango, iye akananyamula chikwama kupita nacho ku galimoto yake, ine n'kukwera basi manja ali m'matumba ngati tsiku lija anandipeza. Ndipo Lamulungu linalo ndikanadzuka n'kuvala chiyani, kupita kuti, kuti ndani anditukwane? Chigoba chili ndi ubwino umodzi umene buku silinalembe. Mvula ikamagwa, palibe amadziwa kuti madzi ali kumasowo achokera kuti.

Alasita anaima nane mpaka ambulera yake inatembenuka. Malamulo amawadziwa kuposa ine, ankadziwa kuti sangawathetse yekha. Anandisisita pachishango kawiri n'kumapita, chikwama anachisiya pa benchi. Ine ndinachoka pamene bambo wa paki anabwera kudzatseka geti, ndipo ndinakwera basi nditavala zonse, chikwama chili m'manja, anthu n'kundipatsa mpando wa okalamba.

A ligi anagula katundu wina, anapeza ampaya wina, m'mabuku mwawo analemba zimene analemba. Chikwama sanabwere kudzatenga. Chili pakhomo panga, ndimachipukuta Loweruka lililonse. Alasita amanditumizira khadi pa Khirisimasi, ndipo pansi pake amalemba funso limodzi lomwelomwelo, kuti masewera ali pati. Ndimapempha mtsikana wa ku laibulale andilembere yankho, nalonso silisintha.

Onani, kachida kaja aka, sikachoka m'thumba la jekete. Bweretsani kuno kuwala, muwerenge nokha poti ine sindikuonanso bwino. Mabolo awiri, masitiraiki awiri. Sindinakagwedezepo.

Zimitsani magetsi, mayi, holo ndi yanu ndipo makiyi ndi anu, mukhoza kunditulutsa. Koma akadzakufunsani ana a ku yunivesite aja kuti mdala wabodza uja anapuma liti pa uampaya, mudzawauze kuti sanapume. Mapepala a mayina ali ndi ine, woponya wangochoka pang'ono, ndipo mwa anthu onse a mu Glasgow muno woti anganene kuti zatha ndi mmodzi yekha. Sananene.